Nkhope pa Nthambi ya Anyani

A Penta anayambanso ntchito patatha masabata asanu akazi awo atamwalira. Sikuti mtima unali utakhala m'malo. Mwana wawo wamkazi, amene anasiya saluni yake m'manja mwa mnzake n'kubwera kudzakhala nawo, ndi amene anayankha foni ya a Hedi a kusekondale, ndipo ntchitoyo anaivomera asanawafunse n'komwe.

"Mupite, Ababa," anatero. "Mukakhala pampando umenewo sabata inanso, mumera mizu."

Iwo sanakane, sanavomerenso. Lolemba m'mawa anamangirira makwerero panjinga, zitini za penti pakaliyala, maburashi m'thumba la ovolosi, n'kuyamba kukankha. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi anthu ochepa. Zaka makumi atatu akulemba zikwangwani za mabutchala, magolosale, malo ometera ndi matchalitchi zinawasiyira dzina loti a Penta, moti ngakhale malemuwo akakwiya ankawaitana choncho.

Ana asukulu anali pa holide. Labu inali chipinda chachitali cha matebulo a simenti, masinki ouma ndi masitulu osanjikizana. Pakona panapachikidwa mafupa a munthu a pulasitiki, mkono umodzi womangidwa ndi waya. Mmenemo ndi mmene anapeza Madamu a sayansi, mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula ngati akuthamangira basi. Anatsegula buku lothothoka chikuto n'kuwaonetsa chithunzi cha mtengo wa nthambi zambiri.

"Ndikufuna mtengo uwu pakhoma lonseli. Mabuku ndili nawo asanu ndi atatu, ana ndi mazana awiri. Khoma aliyense aziliona."

Anawalondolera ndi chala. Pansi panali nsomba, kenako achule, abuluzi ndi mbalame, kenako zonse zoyamwitsa. Pamwamba kudzanja lamanja nthambi imodzi inagawikana n'kuthera pa zinthu zinayi: china cha ubweya wofiira chimene Madamu anati ndi orangutani, gorila, chimpanzi, ndi munthu. Pamwamba pa zinayizo panayenera kulembedwa kuti ANYANI AAKULU OPANDA MCHIRA. Atanena zimenezi Madamu anaima kaye, n'kuwayang'ana a Penta ngati akudikira kuti anenepo kanthu.

"Zilembo zikhale zazitali bwanji?" anafunsa a Penta.

Tsiku limenelo anapala khoma n'kupaka penti yoyera. Lachiwiri anatenga chingwe chopaka choko, kuchikoka n'kuchisiya kuti chimenye khoma, mizere n'kutsala yowongoka. Manja ankaidziwa ntchito yawo. Ankasakaniza penti okha, ankapukuta burashi m'mphepete mwa chitini okha, mwiniwake akungoonerera. Nthawi zina ankazindikira kuti amaliza chule yense osakumbukira kuti anamuyamba liti. Njala sankaimva. Buledi amene mwana wawo ankawakulungira ankabwerera naye kunyumba, ndipo tsiku lachitatu mwanayo anati kuyambira Lachisanu azibweretsa yekha chakudya n'kuwaona akudya.

Lachinayi anafika panthambi yapamwamba ija. Gorila anatuluka bwino, mapewa ngati a wonyamula matumba pa depoti. Chimpanzi anawavuta pakamwa, koma anatheka. Munthu wa m'bukumo anali chithunzithunzi chakuda chopanda nkhope.

"Ameneyo musatengere," anatero Madamu. "Mujambule munthu weniweni, wovala, woti ana akamuona aziti ndi mnansi wawo. Mwamuna kapena mkazi, zili ndi inu."

A Penta anajambula mayi wovala diresi la buluu, ataima, dzanja limodzi m'chiuno. Sanaganizire munthu aliyense. Anamaliza dzuwa likupendeka, anatsuka maburashi, n'kupita kunyumba osacheuka.

Lachisanu cha m'ma leveni, a Penta ali pamakwerero kulemba mayina a nthambi za m'munsi, a Hedi analowa ndi a Tcheya a komiti ya makolo. Ankayendera zimene zakonzedwa pa holide, mawindo ndi denga. A Tcheya anali bambo wamtali wa imvi, mwini shopu ya zomangira nyumba kumene a Penta ankagula penti. Anapereka moni, anapepesanso za maliro ndi mawu otsika, kenako anakweza maso kukhoma. Anayamba ndi nsomba, akugwedeza mutu moyamikira. Atafika pamwamba kudzanja lamanja, mutu uja unaleka kugwedezeka.

"Madamu, mayi awa akutani pamenepa?"

"Ali pamalo pawo, a Tcheya. Silabasi ikutero."

"Pamalo pawo. Pakati pa anyani."

"Pafupi ndi chimpanzi, eya."

A Tcheya anatsitsa situlu imodzi, anaipukuta ndi kansalu ka m'thumba, n'kukhala. A Hedi anayang'ana wotchi yawo.

"Ine si munthu wodana ndi sukulu," anatero a Tcheya. "Ana anga anayi onse anadutsa m'chipinda chino. Koma mundilole ndifunse. M'shopu mwanga misomali ndimaiika pamodzi ndi masikuluwu, chifukwa zonse n'zolumikizira. Mnzanga wa tsidya la msewu amaika misomali pafupi ndi malata, akuti wogula malata amafunanso misomali. Walakwa ndani? Palibe. Aliyense amasanja mmene wakondera. Ndiye amene anasanja nyama zanuzi anangokonda choncho. Akanafuna akanati, uku kukhale zophika, zovala, zopemphera. Uku kukhale zina zonse. Munthu akanatsala yekha. Imeneyo si sayansi, Madamu. Ndi maganizo a munthu amene anayamba kugwira cholembera."

Madamu anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi.

"Theka la zimene mwanenazo sindikutsutsa. Dzinalo anapereka ndi anthu. Zoti tizisanja potsata ubale, osati mtundu wa ubweya kapena kukula kwa thupi, anagwirizananso ndi anthu. Koma mukangoti tisanje potsata ubale, cholembera chija chachoka m'manja mwanu. Kubanja kwanu mukhoza kusankha woti mumuitane ku ukwati. Zoti uyu anamubereka ndani simungasankhe. Chimpanzi uyu ali pafupi ndi ife kuposa mmene alili ndi gorila uyo. Ndiye mukawaika awiriwo m'gulu limodzi, munthu simungamusiye panja. Zili ngati kunena kuti mng'ono wanu ndi msuweni wanu ndi banja limodzi, koma inu ayi."

"Anayeza ndani kuyandikanako?"

"Amayeza mafupa, mano, komanso majini."

"Tafika ku majini tsopano. A Hedi, itanani abusa."

A Hedi anaseka kupyola muyeso wa nthabwalayo, kenako anatsokomola.

"Si majini a mizimu," anatero Madamu osaseka. "Ndi zija amayeza m'magazi bambo akamakana mwana."

"Ndiye khoti linagamula kuti ine ndine mwana wa nyani."

"Msuweni. Palibe akunena kuti tinabadwa kwa chimpanzi. Kholo lathu ndi limodzi, kalekale, basi."

"Inu munaliona kholo limenelo?"

"Agogo a agogo anu munawaona? Koma simukana kuti analiko."

A Penta ankazimva zonsezi ngati wailesi ya kunyumba yoyandikana. Mawu ankafika, tanthauzo lake n'kutsalira panjira. Anali pa chilembo chachinayi cha MBALAME, ndipo chimene chinkawadetsa nkhawa chinali chakuti penti yakudayo yayamba kulimba m'chitini.

A Tcheya anaseweretsa makiyi awo. Atayambanso kulankhula, mawu awo anali atasintha.

"Ndili mnyamata ndinagwira ntchito padoko, dziko la eni, zaka zisanu ndi ziwiri. Kapitawo wathu dzina langa sanalifunsepo. Ankati nyani. Akadya nthochi, khoko ankaponya kumapazi kwanga, anzake n'kumaseka. Ndipo ine ndinkayankha, Madamu. Akati nyani, ndinkatembenuka, chifukwa kunyumba kunali anthu odikira kudya. Lero mdzukulu wanga azilowa muno, azikweza maso, aziona mayi wonga agogo ake ali pamzere umodzi ndi zimenezi, pamwamba patalembedwa dzina lomwe lija."

Madamu anavala magalasi awo pang'onopang'ono.

"Pepani kuti zinakuchitikirani. Koma kapitawo ameneyo nayenso ali panthambi yomweyi. Khomali likunena zimenezo. Anthu onse, osasiyapo mmodzi."

"Khomali silikuonetsa kapitawo. Likuonetsa mayi uyu."

A Hedi, amene m'zaka zawo zonse za uhedi sanalolepo mkangano kufika nthawi ya chakudya, analowererapo. Anati mwina nthambi ya munthuyo italikitsidweko pang'ono, ikwere m'mwamba, kuti pakhale kampata. Madamu anati limenelo likhala bodza lojambulidwa bwino. A Hedi anati nanga mzere wake ukhale wodukizadukiza. A Tcheya anati wodukiza kapena wosadukiza, mayiyo achokepo. Onse atatu anatembenukira kumakwerero.

"Nanga inu a Penta mukuti bwanji?" anafunsa a Hedi. "Mwakhala ndi khomali sabata yonse."

"Ine ndimalemba zimene ndauzidwa," anatero a Penta. "Wa butchala akati nyama yake ndi yofewa, ndimalemba kuti ndi yofewa."

Nthawi yomweyo chitseko chinakankhidwa. Anali mwana wawo uja, atanyamula kontena yokulungidwa m'thaulo ndi fulasiki. Anapereka moni mwaulemu kwa akuluakuluwo, anaika katunduyo patebulo, n'kutembenuka kuti aone ntchito ya bambo ake. Maso ake sanayambire pa nsomba. Anapita pamwamba kudzanja lamanja n'kukhazikika pomwepo.

"Ababa."

"Ndikutsika, ndingomaliza chilembochi."

"Ababa, awa ndi amayi."

A Penta anamaliza chilembo chija, anaika burashi pakamwa pa chitini, n'kutsika. Anayenda chafutambuyo mpaka kukhomo, pamene ankaimira akafuna kuona ngati chikwangwani chili chowongoka.

Zinali zoona. Kachipsera ka pachibwano kanalipo, kamene malemuwo anakapeza atagwa panjinga ali mtsikana. Nsidze yakumanzere inali yokwererapo kuposa inzake. Dzanja la m'chiuno lija chala chachikulu chinali kutsogolo, mmene ankaimira pakhomo akamawafunsa chifukwa chimene achedwera. Ndi diresi lomwe, linali lija la buluu limene mpaka pano linali lili m'kabati. A Penta anayang'ana zonsezi chimodzichimodzi. Anadikira kuti m'chifuwa muchitike kanthu, monga munthu amene watsegula mpopi n'kumadikira madzi. Simunachitike kanthu. Chimene anaona chinali chakuti penti ya buluu inatsetsereka pang'ono kumapeto kwa diresi, ndipo anaganiza kuti pafunika kukonza.

A Tcheya anaimirira n'kuvula chipewa. Malemuwo ankawadziwa, ankabwera kushopu kudzatenga penti amuna awo akatanganidwa.

"Ndimati nkhopeyi ndinaionapo," anatero. "A Penta, mundikhululukire. Ndalankhula zambirimbiri pamaso pa malemu."

"Sindinadziwe," anatero Madamu. "Ndikanadziwa sindikanakuuzani zojambula munthu weniweni."

"Inenso sindinadziwe," anatero a Penta.

Mwana wawo anali atakhala pasitulu, dzanja pakamwa, misozi ikuyenderera yokha popanda mawu. A Penta anamuyang'ana. Ankadziwa kuti bambo amayenera kupita pafupi n'kumugwira paphewa, ndipo anapitadi n'kumugwira, n'kusiya kadontho ka penti yakuda pabulauzi yake.

"Amayi ako ankakonda kunena kuti ndikakwera makwerero ndimaoneka ngati nyani," anatero a Penta. Sanadziwe chifukwa chimene ananenera zimenezo. Mwanayo anaseka m'kati mwa kulira, kamodzi kokha. Enawo sanadziwe ngati n'zololedwa kuseka.

Zitatero mkangano uja unatembenuka. A Tcheya, amene ankafuna kuti mayiyo achoke, anati nkhope ya malemu siingafutidwe ngati chilembo cholakwika. Ikhale pomwepo, koma mawu a pamwambawo ndi amene achoke. Madamu anati mawuwo ndiye phunziro lake, akachoka khoma lonse lasanduka chokongoletsera. Bwino nkhopeyo isinthidwe, aike ya munthu wosadziwika. A Tcheya anafunsa kuti munthu wosadziwikayo alibe abale kodi. Ankalankhula motsitsa tsopano, ngati anthu a m'chipinda cha odwala, koma palibe amene anasuntha pamene anaima.

A Penta anatsegula chitini cha penti yoyera ndi sikuludiraiva n'kuyamba kutakasa ndi kamtengo.

"Mukutani?" anafunsa a Hedi.

"Ndikufuta."

"Palibe wakukakamizani," anatero a Tcheya.

"Ndikudziwa. Koma ana azidzawaloza ndi rula tsiku ndi tsiku. Wina adzawajambulira ndevu ndi bolopeni. Ana ndimawadziwa, zikwangwani zanga zonse anazigwirapo."

"Dikirani kaye, Ababa."

Mwanayo anapukuta maso, anatulutsa foni, n'kukwera masitepe awiri a makwerero. Anajambula katatu. Poyamba chimpanzi analowa nawo m'chithunzi, ndiye anayandikira kuti mutsale amayi ake okha. Atatsika, a Penta anakwera.

Anayambira kumapazi. Burashi yaikulu inkapita uku ndi uku, diresi linazimirira, dzanja la m'chiuno linazimirira. Pankhope sanachedwepo kuposa pena paliponse. Atamaliza, m'munsi mwa malo oyerawo munatsala mawu amene analemba dzulo lake, MUNTHU, kumapeto kwa nthambi yake, pafupi ndi chimpanzi.

A Tcheya anayang'ana mawuwo nthawi yaitali.

"Chithunzi chapita, koma nkhani ndi yomweyo," anatero. "Sukulu ikatsegulidwa ndiipititsa ku komiti."

"Ndidzabwera ndi mabuku," anatero Madamu.

"Mudzabwere nawo. Inenso ndimawerenga."

A Tcheya anagwira a Penta chanza ndi manja awiri, anatsanzika mwanayo, n'kutuluka. A Hedi anawatsatira, akuoneka ngati munthu amene wapeza basi itangotsala pang'ono kunyamuka. Kenako Madamu nawonso anatuluka. M'khonde mawu awo ankamvekabe akutalikira. A Tcheya ankafunsa kuti ngati namgumi amakhala m'madzi moyo wake wonse, anamuchotsa ndani m'gulu la nsomba, ndipo anapempha chilolezo kwa yani.

M'labu munatsala awiriwo. Penti itayamba kuuma, nkhope ija inayambanso kuoneka pansi pa zoyerazo, maso ndi tsitsi, ngati munthu amene waima kuseri kwa katani. Mwanayo anatembenuza situlu yake kuti ayang'ane kuwindo.

"Mtundu wakuda umatero," anatero a Penta. "Umafuna kupaka katatu. Koma ukapaka yoyambayo isanaume, imamatuka."

"Ndiye mudye podikirapo."

Anatsegula kontena. Munali mpunga ndi mazira. A Penta anasamba m'manja ndi madzi a m'botolo pa sinki youma ija, n'kukhala. Anadya chifukwa mwanayo ankawayang'ana. Chakudyacho sichinkamveka kukoma kapena kuipa. Anadya theka, anamwa tiyi, anakagwira khoma ndi kuseri kwa chala, n'kupakanso kachiwiri. Anadikiranso ola lina. Panja wina ankatchetcha udzu pabwalo la mpira, chikwakwa chikulira pa timiyala. Atapaka kachitatu panalibenso chooneka, kupatula kuti malowo anali oyera kuposa khoma lonse.

Anamaliza mayina awiri amene anatsala, anatsuka maburashi ndi thina, anatseka zitini ndi chidendene cha nsapato. Makiyi a labu anakawasiya kwa mlonda pageti.

Pobwerera anayenda limodzi m'mphepete mwa msewu, mwanayo atanyamula fulasiki. Magalimoto ankawadutsa n'kuwasiyira fumbi. Atadutsa pamalo omwetsera mafuta, mwanayo anatulutsa foni, anayang'ana, n'kuibweza m'thumba.

"Zithunzi zonse zimene tili nazo amayi anaumitsa dala nkhope, ngati akupita ku ofesi ya boma. Ichi chokha ndiye ndi iwowo." Anayenda pang'ono. "Simungawajambulenso pathabwa? Tikaike pabalaza."

"Kaya," anatero a Penta. "Ndikachita kufuna, mwina sizituluka."

"Mudzayese."

"Ndidzaona."

Pamphambano, wometa tsitsi anali atakhala pabenchi kunja kwa shopu yake. Atawaona anaimirira n'kuwakodola. Anapepesa kuti sanafike pamaliro, anali atapita kwawo. Kenako analoza chikwangwani cha pamwamba pa chitseko, pamene mitu itatu ya anthu ometa inali itasuluka ndi dzuwa moti sinkasiyananso.

"Makasitomala akuti sakudziwa kuti asankhe meta iti. Mungadzaibwezeretse?"

A Penta anakweza maso. Anaona kuti thabwalo layamba kuola kumunsi, ndipo lifunika kupalidwa lonse.

"Mitu itatu yomweyo?"

"Muwonjezere umodzi wa mwana."

"Lachiwiri," anatero a Penta.